Momwe mungawerengere Karl Barth osamusiyira panjira

Buku loyamba la Karl Barth, katswiri wa zaumulungu wa ku Switzerland, limene ndinagwira ndinalibweza ku laibulale ndisanafike ndi patsamba 40 pomwe. Linali gawo loyamba la Church Dogmatics, mabuku ake aakulu ofotokoza chiphunzitso cha mpingo. Ine ndinkadziwa kuti buku amaliyamba patsamba loyamba, choncho ndinayambira pomwepo, usiku uliwonse, pensulo ili m'manja. Sabata inatha ndilibe kanthu koti ndingafotokozere munthu. Chiganizo chimodzi chinkadya mizere yambirimbiri, Chilatini ndi Chigiriki zili mbwee m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo anthu amene ankatsutsana nawowo ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Zinandiwawa, chifukwa abusa ena achikulire amene ndinkawalemekeza kwambiri anali atandiuza kuti mabuku a munthu ameneyu ndiwo anawadzutsa pa nthawi imene anatsala pang'ono kusiya ubusa.

Patapita zaka zitatu ndinawaululira abusawo kuti Barth anandikanika. Sanadabwe. Analowa m'chipinda, natuluka ndi kabuku kopyapyala, chikuto chake chomata ndi tepi, nati, "Mwana wanga, iwe unafuna kulowera pawindo. Khomo ndi ili." Anali maulaliki amene Barth ankalalikira akaidi m'ndende ya ku Basel. Ndinawerenga umodzi usiku womwewo, ndipo kuyambira pamenepo sindinamusiyenso. Zimene ndikulemba pano ndi njira imene ndinadutsa ine, ndiponso imene ndadutsitsamo anzanga a m'gulu lathu lowerenga, ambiri mwa iwo akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu amene sanapondeko ku koleji ya zaubusa.

Pali chinthu chimodzi choti mugwire musanatsegule buku lake lililonse. Barth anali mlaliki amene Loweruka usiku ankasowa chokanena mawa lake, ndipo zonse zimene analemba zikuyankha funso la mlaliki: kodi munthu, fumbi ngati ine, angalankhule bwanji za Mulungu? Yankho lake ndi loti Mulungu ndiye anayamba kulankhula, analankhula mwa Yesu Khristu, ndipo chimene ananena kwa munthu ndi "Inde". Mukasochera pakati pa chaputala, bwererani pamenepa, mudzapeza kuti nayenso akulowera komweko.

Mudziweni kaye munthuyo

Anabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, pa 10 Meyi 1886, ndipo anamwalirira komweko pa 10 Disembala 1968. Anaphunzira ku Bern, Berlin, Tübingen ndi Marburg, pamapazi a akatswiri otchuka a nthawiyo monga Adolf von Harnack ndi Wilhelm Herrmann. Aphunzitsi amenewa ankayambira pa munthu, pa zimene amamva mumtima, pa chikumbumtima chake ndi kutukuka kwa chikhalidwe chake, ndipo kuchokera pamenepo ankakwera kukafika kwa Mulungu.

Mu 1911 anakhala m'busa wa ku Safenwil, kamudzi ka alimi ndi antchito a m'mafakitale a nsalu m'chigawo cha Aargau, ndipo anakhalako zaka 10. Ataona malipiro ndi maola a ntchito a akhristu ake, anayamba kuwathandiza kukhazikitsa mabungwe a antchito, mpaka mu 1915 analowa chipani cha Social Democrat. Eni mafakitale anadana naye, anthu nayamba kumutcha m'busa wofiira. Izi muzikumbukire tsiku limene wina adzakuuzeni kuti Barth anali munthu wa m'mabuku chabe.

Chinamugwedeza ndi nkhondo ya 1914. Chaka chimenecho ophunzira otchuka 93 a ku Germany anasaina chikalata choikira kumbuyo nkhondo ya dziko lawo, ndipo pa mayinawo panali la Harnack ndi la Herrmann. Barth anaona kuti ngati maphunziro a aphunzitsi ake awalola kudalitsa mfuti za mfumu ya ku Germany mosavuta chonchi, ndiye kuti chavunda ndi muzu. Iye ndi mnzake Eduard Thurneysen, m'busa wa ku Leutwil, mudzi woyandikana nawo, anagwirizana zoyambiranso kuwerenga Baibulo ngati ana oyamba kumene sukulu. Barth anakhala pansi pa mtengo wa maapozi ndi kalata ya Paulo kwa Aroma, nayamba kulemba m'kope. Zolembazo zinatuluka ngati buku mu 1919, ndipo analilembanso lonse mwatsopano n'kulitulutsa mu 1922. Lachiwirili ndi limene linamutchukitsa. Likufuula mawu a pa Mlaliki 5:2, akuti Mulungu ali kumwamba, iwe uli pansi pano, ndipo palibe makwerero amene ungakhome kuti ukamupeze. Mu 1921 anaitanidwa kukaphunzitsa ku Göttingen, m'dziko la Germany, ngakhale analibe digiri ya udokotala, kenaka ku Münster mu 1925, ndi ku Bonn mu 1930.

Koma buku la Aromali musayambire. Ndi moto wolusa, ndipo mwini wake pambuyo pake anavomereza kuti anatsindika kwambiri kutalikirana kwa Mulungu ndi munthu. Lisungeni mpaka mutamumva kale akulankhula mofatsa.

Timabuku tating'ono poyamba

Yambani ndi maulaliki a m'ndende. Pakati pa 1954 ndi 1964, Barth, pulofesa wodziwika dziko lonse, ankalalikira kawirikawiri m'ndende ya ku Basel kuposa m'matchalitchi akuluakulu. M'Chingerezi maulalikiwa ali m'timabuku tiwiri, Deliverance to the Captives ndi Call for God. Uliwonse ndi wa masamba ochepa, umayamba ndi pemphero n'kutha ndi pemphero, ndipo umatsamira pa vesi limodzi, nthawi zina theka la vesi.

Umene ndinawerenga usiku uja unali pa Aefeso 2:5, "muli opulumutsidwa ndi chisomo". M'menemo akusimba nthano ya munthu wapakavalo amene anawoloka nyanja ya Constance usiku, madzi ataundana gwa ndi chisanu, iye osadziwa kuti akuyenda pamwamba pa nyanja. Atafika tsidya linalo n'kuuzidwa pamene wadutsa, mawondo anamulobodoka ndi mantha. Barth akuti ndi momwe munthu amakhalira akamva kuti wapulumutsidwa ndi chisomo: kuya kwa tchimo lake amakuona ali kale pamtunda. Ndinaika kabukuko pansi n'kukhala duu. Ine ndinazolowera ulaliki woyamba waopseza anthu ndi phompho, chingwe n'kuchiponya kumapeto. Apa munthu akuyamba wauzidwa kuti wawoloka, ndipo kunjenjemera kukubwera pambuyo, pamodzi ndi kuthokoza. Kaikidwe kameneka, Uthenga Wabwino patsogolo, lamulo pambuyo pake, mudzakapeza paliponse m'mabuku ake.

Werenganinso wa Lachisanu Loyera pa Luka 23:33, wonena za achifwamba awiri opachikidwa pamodzi ndi Yesu. Akuuza akaidi kuti awiriwo ndiwo anali mpingo woyamba wa Chikhristu, chifukwa mpingo umakhalapo pamene anthu ali pafupi ndi Yesu, ndipo awa sakanatha kumuthawa monga anachitira ophunzira ake. Tangoganizani nkhope za anthu amene ankamvetserawo. Maulalikiwa muziwawerenga mokweza mawu, umodzi patsiku, Baibulo lili chitsegulire pa vesi lomwelo.

Mukatha apo tengani Dogmatics in Outline. Awa ndi maphunziro 24 pa Chikhulupiriro cha Atumwi, amene anawapereka ku Bonn mu 1946, m'nyumba ya yunivesite yogumuka ndi mabomba. Ankayamba 7 koloko m'mawa, atayimba kaye salimo kapena nyimbo, ndipo pofika 8 koloko makina ophwanya zigumuka ankayamba kulira pabwalo. Ankalankhula osawerenga papepala, n'chifukwa chake kabukuka kamamveka ngati munthu akucheza nanu. Mutu umodzi pa sabata ukukwanirani. Musanawerenge, lembani m'kope mzere wa Chikhulupirirowo ndi zimene inuyo mumamva pa mzerewo. Mukatha mutuwo lembani pansi pake chimene chasuntha. Gulu lathu linatha miyezi isanu ndi umodzi pa kabukuka, ndipo mitu itatu yotsatira mutu woyamba, yonena za chikhulupiriro monga kudalira, kudziwa ndi kuvomereza poyera, tinaibwereza kawiri.

Chachitatu ndi Chivomerezo cha ku Barmen, tsamba limodzi kapena awiri, chopezeka mosavuta pa intaneti. Hitler atatenga boma mu Januwale 1933, gulu lodzitcha "Akhristu a Chijeremani" linayamba kuphunzitsa kuti Mulungu akulankhula kudzera mu mtundu wawo, magazi awo ndi mtsogoleri wawo watsopanoyo. Kumapeto kwa Meyi 1934 nthumwi za mipingo yokana zimenezi zinakumana ku Barmen, mu mzinda wa Wuppertal, ndipo chikalata chimene zinavomereza chinalembedwa makamaka ndi Barth. Chili ndi mfundo zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse ili ndi vesi, chimene tivomereza, ndi chiphunzitso chonyenga chimene tikana. Yoyamba ikuti Yesu Khristu, monga Malemba Oyera amuchitira umboni, ndiye Mawu amodzi a Mulungu amene tiyenera kumva, kukhulupirira ndi kumvera pa moyo ndi pa imfa. Yachiwiri ikukana kuti pali mbali zina za moyo wathu zimene si za Yesu Khristu koma za ambuye ena. Iwerengeni pang'onopang'ono yachiwiriyi, ndipo mudzifunse mbali za moyo wanu zimene munazipereka kwa ambuye ena mwakachetechete. Barth analipira mtengo wake: anakana kulumbira lumbiro lomvera Hitler popanda malire, anamuimitsa ntchito mu Novembala 1934, ndipo mu 1935 anachoka ku Germany kubwerera ku Basel, kumene anaphunzitsa mpaka 1962.

Pambuyo pa izi pali nkhani yaifupi ya mu 1956, The Humanity of God, momwe akudzikonza yekha: Mulungu amene ndi wosiyana kotheratu ndi ife ndi yemweyo amene sanafune kukhala Mulungu popanda munthu. Palinso Evangelical Theology, maphunziro ake otsanzika pa yunivesite, momwe akukamba za kusungulumwa, kukayika ndi mayesero a munthu wophunzira za Mulungu, n'kunena kuti ntchito yoyamba ya wophunzirayo ndi pemphero.

Kulowa m'nkhalango ya Dogmatics

Tsopano mungathe kuyang'ana mabuku aakulu aja osachita nthumanzi. Kirchliche Dogmatik, imene m'Chingerezi ndi Church Dogmatics, inatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1932 mpaka 1967. Ndi mabuku 13, masamba oposa 9,000 m'Chijeremani, ogawidwa m'zigawo zinayi: Mawu a Mulungu, Mulungu, Chilengedwe, ndi Chiyanjanitso. Chigawo chachisanu, cha chiombolo chomaliza, anamwalira asanachiyambe, ndipo ngakhale chachinayi sanachitsirize. Anthu amatchula mabukuwa ndi manambala: II/2 ndiye kuti chigawo chachiwiri, buku lachiwiri.

Dziwani momwe tsamba lake analimangira, chifukwa apa m'pamene ine ndinagwera poyamba paja. Ntchito yonse inagawidwa m'ndime zazikulu zokhala ndi chizindikiro ichi, §, ndi nambala. Pamwamba pa ndime iliyonse pali ziganizo zochepa za zilembo zakuda bii, zonena mwachidule zonse zimene zikubwera. Zimenezo zikopereni m'kope ndi dzanja lanu, ndipo muzibwererako nthawi iliyonse imene mwataya njira. Pansi pake pali zilembo zamitundu iwiri. Zazikulu ndi mfundo ya Barth mwini. Zing'onozing'ono ndi pamene akumasulira Malemba kapena kukambirana ndi Augustine, Luther, Calvin, Schleiermacher ndi ena. Ulendo woyamba werengani zazikulu zokha. Ulendo wachiwiri bwererani ku zing'onozing'onozo, koma musankhe zomasulira Baibulo, chifukwa m'menemo muli chuma cha mlaliki: nkhani ya Yudasi mu II/2, ya Yobu mu IV/3, ya mwana wolowerera mu IV/2. Za Chilatini zidumpheni popanda kudziimba mlandu. Makope ena atsopano a Chingerezi anamasuliramo Chilatini ndi Chigirikicho, ndipo ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani amenewo.

Barth salemba ngati munthu woyenda mumsewu wowongoka. Amazungulira chinthu chimodzi, kuchiona cha kuno, kenaka cha uko, n'kubwereranso pamene anayambira atanyamula kanthu katsopano. Mukaona ngati akubwereza, funani liwu limodzi limene lasintha. Masamba asanu patsiku ndi okwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musayambire pa I/1. Yambirani pa IV/1, §59. Mutu wake woyamba ukunena za ulendo wa Mwana wa Mulungu wopita ku dziko lakutali, mawu otengedwa pa Luka 15:13. Mwana wolowerera anapita kutali chifukwa cha kusamvera, Mwana wa Mulungu anamutsatira komweko chifukwa cha kumvera. Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: ife timaganiza kuti Yesu atadzichepetsa anavula umulungu wake kwa kanthawi, ngati mfumu yovala sanza kuti isadziwike. Barth akuti ayi. Kudzichepetsako ndiwo umulungu wake weniweni. Milungu yabodza ndi imene singathe kuwerama. Ngati mukufuna kudziwa chimene mawu akuti "Wamphamvuyonse" amatanthauza, musayambe ndi maganizo anu a mphamvu n'kuwakulitsa mpaka kumwamba. Yang'anani modyera ng'ombe ndi pamtanda, muphunzire pamenepo. Mutu wachiwiri ndi "Woweruza woweruzidwa m'malo mwathu". Tchimo lathu lalikulu, akutero, ndi kufuna kukhala oweruza, kudzilungamitsa tokha n'kumatsutsa anzathu. Yesu anatichotsa pampando umenewo, nakhalapo Iye, ndipo chiweruzocho anachisenza yekha. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene anakhala zaka zambiri osayankhulana ndi mchemwali wake, atamva ndimeyi anati, "Ndiye kuti mpando ndakhalirawu si wanga." Tonse tinangoti zii.

Onaninso kuti za tchimo akuzikamba pambuyo pa za Khristu. Mu IV/1 tchimo ndi kunyada, chifukwa taona Mulungu akudzichepetsa. Mu IV/2 ndi ulesi, chifukwa taona munthu akukwezedwa mwa Yesu ife n'kukana kudzuka. Mu IV/3 ndi bodza, chifukwa Mboni yoona yalankhula. Ndi nthano ya wapakavalo ija, yoyalidwa pa masamba mazanamazana.

Mukatha §59 pitani ku II/2, ya mu 1942, ndime 32 ndi 33, za chisankho cha Mulungu. Inu amene munakulira m'mipingo ya Chikalvini mukudziwa mantha amene chiphunzitsochi chimabweretsa: Mulungu anasankhiratu ena kumoyo, ena kuchitayiko, ndipo sudziwa mbali imene uli. Barth ankamukonda Calvin, koma apa anasiyana naye. Anati cholakwika ndi kufunafuna chigamulo chobisika kuseri kwa Yesu, ngati kuti kumbuyo kwake kuli Mulungu wina wa nkhope ina. Anatsamira pa Aefeso 1:4, "anatisankha ife mwa Iye, lisanakhazikike dziko lapansi", nati Yesu Khristu ndiye Mulungu wosankha, ndiyenso munthu wosankhidwa. Chisankho chili pawiri ndithu, koma motere: Mulungu anadzisankhira yekha kukanidwa ndi imfa, nasankhira munthu moyo. N'chifukwa chake chiphunzitso chimene ena amachinong'ona ndi mantha iye anachitcha chidule cha Uthenga Wabwino wonse.

Miyala iwiri yopunthwitsa

Mu I/2, §17, mudzakumana ndi mawu akuti chipembedzo ndi kusakhulupirira. Ambiri amatsekera pomwepa. Musafulumire. Iye sakunyoza zipembedzo za anthu ena kuti akweze Chikhristu, chifukwa Chikhristu nachonso wachiika m'thumba lomwelo. Chipembedzo kwa iye ndi khama la munthu lodzipangira Mulungu womuyenera ndi kudzilungamitsa pamaso pake. Kwaya, chopereka, maudindo, ngakhale kusala kudya, zonse zingasanduke njira yomutsekera Mulungu pakamwa. Werenganibe mpaka kumapeto kwa ndimeyo, mudzamva akuti chipembedzo chingakhale choona monga momwe wochimwa amakhalira wolungama, mwa chisomo chokha.

Mwala wachiwiri ndi wa Baibulo. Barth akuti Mawu a Mulungu amatifikira m'maonekedwe atatu: Yesu Khristu mwini, Malemba amene amamuchitira umboni, ndi ulaliki wa mpingo wochokera m'Malembawo. Baibulo ndi mboni, lolembedwa ndi anthu otha kuphonya, ndipo limakhala Mawu a Mulungu kwa ife pamene Mulungu mwini alankhula kudzera m'menemo. Akhristu ambiri okonda Baibulo sanamukhulupirire pamenepa, ndipo Cornelius Van Til, katswiri wa zaumulungu wa ku America, analemba buku lonse mu 1946 lomutsutsa. Inenso pano Barth sindimutsata mpaka kumapeto. Koma musanamuweruze, onani momwe amachitira ndi Baibulolo. Sindinaonepo wolemba wina amene amakhala pa vesi limodzi nthawi yaitali chotere, akuyembekezera kuti limulamule.

Musaope kutsutsana naye

Iye mwini sankafuna kuti pakhale gulu la otsatira dzina lake, choncho khalani ndi tsamba m'kope lanu la mafunso omufunsa. Langa ladzaza.

Ngati onse anasankhidwa mwa Khristu, kodi onse adzapulumuka? Barth anakana kuphunzitsa zimenezo ngati chiphunzitso, ponena kuti sitingamulamule Mulungu, koma anati tingathe kuziyembekezera ndi kuzipempherera. Ena amaona kuti mfundo zake zikumukokera kumene pakamwa pake pakukana. Pa ubatizo, buku lake lotsiriza la Dogmatics, la mu 1967, likukana ubatizo wa makanda, ngakhale mpingo wake unkabatiza makanda. Pa za mwamuna ndi mkazi, mu III/4, akuika mwamuna patsogolo ndi mkazi pambuyo m'njira imene akatswiri ambiri, makamaka amayi, aitsutsa ndi zifukwa zomveka. Mu 1934 anayankha mnzake Emil Brunner ndi kabuku kamutu wa liwu limodzi, Nein!, kutanthauza "Ayi!", kukana kuti munthu angadziwe Mulungu kudzera m'chilengedwe. M'masiku a Hitler "Ayi" ameneyu anali wofunika. Koma muwerengeni pamodzi ndi akatswiri a zaumulungu a ku Africa monga John Mbiti ndi Kwame Bediako, amene anaumirira kuti Mulungu sanadzisiye wopanda umboni pakati pa mitundu ya anthu, ngakhale amishonale asanafike, ndipo muyese nokha ndi Machitidwe 14 ndi 17. Chivomerezo cha ku Barmen sichinatchule Ayuda ngakhale kamodzi, ndipo Barth atakalamba anavomereza kuti pamenepo analephera. Mu 1956, asilikali a Soviet Union ataphwanya kuukira kwa anthu a ku Hungary, anakhala chete, ndipo Reinhold Niebuhr, katswiri wa zaumulungu wa ku America, anamufunsa poyera chifukwa chake.

Pali nkhani ina yolemera imene sindingakubisireni. Barth anakwatira Nelly Hoffmann mu 1913. Mu 1929 Charlotte von Kirschbaum, mlembi ndi wothandizana naye pa ntchito, anasamukira m'nyumba mwawo, ndipo anakhalamo zaka zoposa 30. Makalata awo atasindikizidwa mu 2008 zinaonekera poyera kuti awiriwa ankakondana, ndiponso kuti Nelly ndi ana anavutika kwambiri. Ine ndimati linali tchimo, ndipo chimandipweteka n'chakuti munthu wodziwa kuvumbula kudzilungamitsa kwa ena anapeza mawu odzikhululukira yekha. Mnzathu wina atamva izi anasiya kubwera ku gulu lathu, ndipo sindinamukakamize. Ine ndinapitiriza, koma zimene analemba pa ukwati ndimaziwerenga ndi diso lina. Ndimakumbukiranso kuti m'timalemba ting'onoting'ono tija muli thukuta la von Kirschbaum, amene dzina lake silili pachikuto.

Tsatani mapazi ake mwa ena

Njira ina yomumvetsera ndi kuona zimene ena anachita naye. Dietrich Bonhoeffer, amene anaphedwa ndi boma la Hitler mu Epulo 1945, anaphunzira zambiri kwa iye ndipo anamutsutsanso ali m'ndende. Thomas F. Torrance wa ku Edinburgh, pamodzi ndi Geoffrey Bromiley, anatsogolera ntchito yomasulira Dogmatics m'Chingerezi. Eberhard Jüngel ndi Jürgen Moltmann anapitiriza kuganiza za Utatu Woyera ndi mtanda kuchokera pamene iye anasiyira, ndipo kubwerera kwa chiphunzitso cha Utatu pakati pa maphunziro a zaumulungu m'zaka za m'ma 1900 kunayambira kwambiri pa I/1. Akatolika nawonso anamumvetsera: Hans Urs von Balthasar analemba buku la za iye mu 1951, Hans Küng mu 1957, ndipo mu 1966 Barth anapita ku Rome kukacheza ndi Papa Paul VI. Ku America, James Cone analemba za Barth pa digiri yake ya udokotala asanayambe kulemba zaumulungu za anthu akuda.

Koma ngati mukufuna kuona chipatso chake ndi maso, ikani Barmen pambali pa Chivomerezo cha Belhar, chimene mpingo wa Dutch Reformed Mission ku South Africa unalemba mu 1982 n'kuchivomereza mu 1986 pokana tsankho la apartheid. Kamangidwe kake ndi komweko: tikhulupirira ichi, choncho tikana icho. Ziwerengeni tsiku limodzi, chimodzi pambuyo pa chinzake.

Kuchoka patebulo kupita kukalalikira

Cholakwa chimene ndinachita nditayamba kumukonda ndi kumutengera pagome. Lamulungu lina ndinalalikira mawu ake osawatafuna, ndikutchula dzina lake kangapo. Titatuluka, gogo wina anandigwira dzanja nati, "Mwalankhula bwino, bambo, koma Yesu sindinamumve." Anali ndi chifukwa. Pamwamba pa tebulo limene Barth ankalembera panali chithunzi cha kupachikidwa kwa Yesu chojambulidwa ndi Matthias Grünewald, chimene chenicheni chake chili ku Colmar. Chifuneni pa intaneti. Kumanja kwaima Yohane Mbatizi, buku lili m'dzanja limodzi, ndipo chala cha dzanja linalo, chachitali modabwitsa, chikuloza thupi lodzaza mabala lili pamtandalo. Barth ankabwerera ku chala chimenechi kawirikawiri pofotokoza ntchito ya Baibulo, ya mlaliki ndi yake yomwe. Tsiku lija ine ndinaonetsa anthu chala.

Choncho dzina lake lisiyeni m'kope. Chimene mungatenge ndi kafunsidwe kake. Ankalangiza achinyamata kuti aziwerenga Baibulo ndi nyuzipepala zonse ziwiri, koma nyuzipepalayo aziimasulira ndi Baibulo. Ndipo pali kayesedwe kamodzi kamene ndinaphunzira pomuwerenga, kamene ndimachita Loweruka lililonse ndikakhala ndi ulaliki. Ndimatenga pensulo n'kudula mzere pansi pa wochita wa chiganizo chilichonse. Kenaka ndimawerenga: ndi ziganizo zingati zimene wochita ndi Mulungu, ndipo ndi zingati zimene wochita ndi ife? Ndimaonanso chimene chabwera poyamba, zimene Mulungu wachita kapena zimene ife tiyenera kuchita.

Loweruka lapitali, pa ulaliki wa mwana wolowerera, ndinapeza ziganizo 11 zoyamba ndi "tiyenera", ndi ziwiri zokha zoyamba ndi Atate. Ndinang'amba tsamba lachiwiri lonse, n'kutsegulanso Luka 15 pa vesi 20, pamene mwanayo akali kutali ndipo atate wake ayamba kuthamanga.